Za Nthomba, ndi Mbusa, ndi Kapolo Wache

Mwezi wathawu, pamene tinali kuphunzitsa a m'kalasi ya ubatizo pa mudzi wina wa kutsidya kwa dambo, anaimirira mkulu wa imvi, munthu wosakonda kulankhula pa anthu, natifunsa funso limene tafuna kuti lifike kwa inu nonse. Anati, "Aphunzitsi, polowa ine kalasi munandiuza kuti ndileke kutemera ana anga mphini, nditayenso zithumwa, popeza wotchinjiriza moyo ndiye Mulungu yekha. Ndinamvera. Tsono lero mwadza ndi mau akuti Lachitatu titengere ana ku bwalo la amfumu kuti akalandire katemera. Kusiyana kwache kuli pati? Uyu atema, uyonso atema. Ngati Mulungu akwanira, akwanira. Ngati sakwanira, munandiletseranji za makolo anga?"

Anyamata anaseka, koma ife sitinaseke, pakuti funsoli ndi la munthu wolingalira. Ndipo yankho limene tinampatsa tsiku lomwelo linali lotsimphina, kotero kuti sitinagone nalo bwino. Chifukwa chache talemba phunziro ili. Sitiyamba ndi malamulo, koma ndi mbiri ya nthenda imodzi, ndiyo nthomba, ndi ya anthu amene anakangana za iyo zaka zoposa 300 zapitazo. Pakuti makani ao afanana ndithu ndi makani a m'midzi mwathu.

Ana obadwa masiku ano sanaione nthomba, ndipo ena aisokoneza ndi katsabola, kamene kavuta masiku owerengeka nikapita. Funsani agogo anu. Nthomba inali kuyamba ndi kutentha kwa thupi, mutu ndi msana kuwawa koopsa. Atapita masiku atatu kapena anai zinatuluka zotupa pankhope, m'manja ndi ku mapazi komwe, nizidzala mafinya, kufikira mai sanathe kuzindikira nkhope ya mwana wache. Mwa anthu 10 ogwidwa ndi nthomba yaikulu, 3 anali kufa. Opulumukawo anatsala ndi nkhope ya maenje moyo wao wonse, ndi ena anachita khungu. Koma panali chinthu chimodzi chimene mitundu yambiri inachipenya, osauzana: munthu amene adadwala nthomba nachira, sinamgwirenso. Pa chinthu chimenechi pagona nkhani yathu yonse.

Ku America, m'mbali mwa nyanja yaikulu ya mchere, kuli mudzi dzina lache Boston. Kumeneko kunali mbusa womveka, Cotton Mather, munthu wowerenga mabuku ambiri, wolalika ndi wolemba kosatopa. M'chaka cha 1706 anthu ena a mu mpingo wache, pofuna kumkondweretsa, anasonkha ndalama namgulira kapolo, mwamuna wotengedwa ku Africa, nampereka kwa iye monga mphatso. Musapitirire msanga pa mau amenewa, pakuti tidzabwerako: Akristu anapereka munthu kwa mbusa wao monga ife tipereka mbuzi kapena dengu la chimanga pa tsiku la masika. Mbusayo anamutcha Onesimus, kutengera dzina la kapolo uja wa Filemoni amene Paulo anampembedzera m'kalata.

Tsiku lina mbusa anamfunsa kapoloyo ngati adadwalapo nthomba. Iye anayankha kuti inde, ndiponso iai. Pamenepo anamuonetsa chipsera pa mkono, nafotokoza mwambo wa kwao: akulu atenga kadontho ka mafinya a munthu wodwala nthomba, natema pang'ono khungu la munthu wosadwala, napakamo. Wotemedwayo adwala nthomba yochepa mphamvu, nachira, ndipo mliri ukafika umlambalala. Mather anafunsa anthu ena a ku Africa okhala m'mudzimo, namva mau omwewo. Anawerenganso kuti ku Turkey achita chimodzimodzi. M'chaka cha 1716 analembera kalata bungwe la anthu anzeru la ku London, lotchedwa Royal Society, nawauza zimene adamva kwa kapolo wache. Munthuyu sanali kufunsa izi mwa chidwi chabe, pakuti miliri anaidziwa m'nyumba mwache: m'chaka cha 1713 chikuku chinamlanda mkazi ndi ana atatu m'masabata ochepa.

Tsono m'mwezi wa April 1721 chinakocheza pa dooko la Boston chombo chochokera ku zisumbu za West Indies, ndipo m'chombomo munali nthomba. Mliri utayamba kulowa m'nyumba, Mather analembera asing'anga onse a m'mudzimo, nawadandaulira kuti ayese njira ya kutema. Anavomera mmodzi yekha, Zabdiel Boylston. Pa 26 June iyeyo anatema mwana wache wamwamuna wa zaka 6, pamodzi ndi akapolo ache awiri, wina wamkulu, wina kamwana kakang'ono. Onse atatu anadwala nachira.

Mbiri itamveka mudzi unawira ngati mphika. Ndipo taonani chodabwitsa: wotsogolera otsutsa sanali mbusa, koma dotolo, William Douglass, ndiye yekha m'mudzimo amene anali ndi kalata ya sukulu yaikulu ya udotolo, ndipo oimirira kumbali ya njira yatsopano anali abusa. Amene aganiza kuti nthawi zonse a Mpingo ndiwo akoka kumbuyo, ndi ophunzira ndiwo akoka kutsogolo, alingalire za chaka chimenechi. Dotoloyo ananena zina zolemera: kuti njirayi sinayesedwe mokwanira, kuti wotemedwa akhoza kufa, ndi kuti akhoza kupatsira anzache nthenda ali kuyendayenda. Izi zinali zoona. Koma ananenanso chopanda pache, kuti mau a anthu akuda sayenera kukhulupiridwa, popeza ndiwo amabodza. Anthu wamba nao anali ndi mau ao a chipembedzo. Ena anati, kudwalitsa munthu wolimba ndiko kuswa lamulo loletsa kupha. Ena anati, masiku a munthu adawerengedwa kale kumwamba, ndipo wofuna kuzemba mliri alanda ntchito m'dzanja la Mulungu. Mkwiyo unakula kufikira usiku wina wa mwezi wa November munthu anaponya bomba loyaka pa zenera la nyumba ya Mather, m'chipinda m'mene munagona mbale wache amene adatemedwa, koma silinaphulike.

Mliri utapita anakhala pansi nawerenga. M'mudzi wa anthu ngati 11,000, ogwidwa ndi mliri anali pafupifupi 6,000, ndipo anafa 844, ndiko kunena mmodzi mwa 7. Boylston anatema anthu oposa 240, ndipo mwa iwo anafa 6, ndiko kunena mmodzi mwa 40. Apa ndipo tiona ntchito yeniyeni ya nzeru ija ya kuyesa ndi kuwerenga zolengedwa, imene a sukulu aitcha sayansi. Siifunsa kuti wanena ndani. Ifunsa kuti chachitika nchiani, kwa anthu angati, ndipo ena akabwereza chidzachitikanso kodi. Mawerengero amenewa sanachite manyazi ndi kalata ya sukulu ya dotolo, sananyozenso chipsera cha kapolo. Ndipo tiyenera kumchitira ulemu Douglass pa chinthu chimodzi: zitapita zaka anavomera kuti njirayo ithandiza. Munthu wolola kugonjera chiwerengero chomtsutsa asowa, ngakhale pakati pa ife aphunzitsi.

Nanga mau aja akuti kudziteteza ku mliri ndiko kulimbana ndi Mulungu, tiwayankha bwanji? Sanamveke ku Boston kokha. M'chaka cha 1722 mbusa wina wa ku London, Edmund Massey, analalika kuti nthenda zitumidwa kuyesa anthu kapena kuwalanga, ndi kuti woyamba kutema munthu motere anali Satana, pamene anakantha Yobu ndi zironda. Ulaliki wotere ukoma m'khutu, koma sugwira pansi. Tipempha chakudya kwa Atate wathu tsiku ndi tsiku, koma sitinaone Mkristu wopachika khasu lache pa denga, nanena kuti kulima ndiko kusakhulupirira. Yosefe atadziwitsidwa za njala sanakhale manja lende kuyembekeza chilango, anamanga nkhokwe. Mfumu Hezekiya podwala chotupa cha imfa anapemphera ndi misozi, ndipo Mulungu anamuonjezera zaka 15. Koma mneneri yemweyo amene anadza ndi lonjezo analamulanso kuti aike nkhuyu pa chotupacho. Pemphero ndi mankhwala zinalowa pa khomo limodzi, osakankhana. Ndipo Ambuye wathu, ophunzira atamfunsa za munthu wobadwa wosaona kuti wochimwa ndani, anakana kuloza chala pa munthuyo kapena pa akumbala, namchiritsa.

Pali mau enanso amene otsutsa awakonda, akuti tisamuyese Mulungu. Koma kumbukirani pamene mauwo ananenedwa. Woyesayo anauza Ambuye kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, poti angelo adzamgwira. Ndipo Iye anakana. Tsono woyesa Mulungu ndani: wotsika pa makwerero amene alipo, kapena wolumpha nati andigwira? Mliri uli pa mudzi woyandikana, mankhwala ali pa bwalo, ndipo munthu atseka chitseko nati Mulungu aonetse mphamvu yache pa ana anga. Ife tiona kuti ameneyo ndiye waima pamwamba pa Kachisi. Sitibisa kuti liripo chenjezo la mbali inayo: mfumu Asa anadzudzulidwa popeza m'kudwala kwache anafuna asing'anga osafuna Mulungu. Koma cholakwa chache chinali pamene anaika mtima wache, si pamene anaika phazi lache lodwala.

Koma chotsutsa china chija, chakuti anthu 6 amene anali olimba anafa atatemedwa, sichinali cha kuchiyankha ndi mau. Chinafuna njira yoposa, ndipo inapezeka zitapita zaka 75. Ku England, pa mudzi wa Berkeley, kunali sing'anga Edward Jenner, mwana wa mbusa. Iye anamva kwa anthu a kumidzi kuti akazi okama ng'ombe, akatenga tizironda tina ta pa mawere a ng'ombe, nthomba siiwagwira. Pa 14 May 1796 anatenga mafinya pa dzanja la mkazi wokama, Sarah Nelmes, natema nao mnyamata wa zaka 8, James Phipps. Mnyamatayo anatentha thupi pang'ono nachira. Atapita masabata angapo Jenner anamtemanso, tsopano ndi mafinya a nthomba yeniyeni, ndipo sinamgwire. Ichi ndicho chiyambi cha katemera amene timdziwa: nthenda yofatsa ya ng'ombe kutsekera khomo nthenda yolusa ya anthu, ndipo wotemedwayo sapatsira mnzache nthomba.

Jenner sanadziwe chifukwa chache. Anangoona kuti zitero. Odza pambuyo pache ndiwo anapeza kuti nthomba idza ndi kachirombo kakang'ono koposa, kosaoneka ngakhale ndi magalasi wamba okuzira zinthu, ndi kuti m'mwazi mwathu muli alonda, nao osaoneka, amene agwira mlendo woipa namkumbukira. Galu wa pa mudzi amene ananunkhiza kamodzi fungo la fisi sasowa womuuza usiku wina fisi akadza ku khola. Kachirombo ka ng'ombe ndi ka nthomba ndi ta pa chibale, fungo lao lifanana. Tsono alonda ophunzira pa kofatsako adzuka msanga pofika kolusako. Dotolo sanawalenge alonda amenewa, sanawapatsenso chikumbukiro. Anangopeza njira ya kuwadzutsa nthawi isanathe. Ife powerenga izi sitiona kanthu kochepsa Mlengi. Tiona kuti anatiumba mochenjera koposa m'mene makolo athu ndi makolo a Azungu anaganizira.

Tsopano tikhoza kumyankha mkulu uja, ndipo tiyamba ndi kumvomera. Kusiyana sikuli pa mpeni, pakuti onse atema. Sikulinso pakuti ichi ncha Azungu, icho ncha makolo. Pakuti njira imene inapulumutsa anthu a ku Boston inatuluka m'kamwa mwa munthu wa ku Africa, ndipo Mzungu wophunzira ndiye anainyoza. Mwa zitsamba zimene agogo athu anazidziwa ziripo zochiritsa ndithu, ndipo Mpingo suletsa muzu chifukwa uli muzu. Kusiyana kuli apa. Katemera achitika poyera. Chimene chiri m'botolo chidziwika. Agwira ntchito pa Mkristu ndi pa wakunja, pa womkhulupirira ndi pa womseka. Ndipo akalephera, kulepherako kulembedwa m'buku, monga anthu 6 aja analembedwa, kuti ena akonze. Koma mphini ya kutsirika ichitika mseri, iima pa mantha akuti mbale wako akulodza, ndipo mwana akafa mwini mankhwala sakhala wolakwa nthawi iri yonse: ati mwalumpha mwambo, kapena mfiti ya kwanu yaposa mphamvu. Mankhwala amene sangapezeke olakwa sangapezekenso oona. Ndipo choipa chache chachikulu si kutaya nkhuku kapena ndalama, koma kuti maliro akachitika pafunika munthu womloza chala, ndipo kawirikawiri chala chigwera nkhalamba yopanda woinenera. Pa ichi Mather mwini sanali woyera: m'chaka cha 1692, pa milandu ya ufiti ya ku Salem, ananyongedwa anthu 19, ndipo iye analemba buku la kuikira kumbuyo oweruzawo. Munthu mmodzi yemweyo anawerenga bwino pa nthomba, nalephera kuwerenga pa ufiti.

Tikadaleka pano phunziro likadakhala lokondweretsa, koma likadakhala la theka. Tayankha mafunso awiri, lakuti kodi mankhwalawa ngoona, ndi lakuti kodi Mulungu awaletsa. Latsala lachitatu, limene anthu a nthawi ija sanalifunse konse, ndipo ndilo litilemera ife koposa: poyesa mankhwala osadziwika, unatambasulidwa mkono wa yani?

Bwererani pa 26 June paja. Boylston anatema mwana wache, ndipo pamenepo tikhoza kunena kuti anaika mtima wache womwe pa mpeni. Koma akapolo awiri aja, mwamuna ndi kamwana, akadakhoza kukana kodi? Kapolo alibe iai. Pitani ku London chaka chomwecho cha 1721. Kumeneko njirayi inadza ndi mkazi womveka, Lady Mary Wortley Montagu, amene anaiona ku Turkey natemetsa ana ache. A banja lachifumu anaifuna, koma anaopa. Tsono m'mwezi wa August anatenga andende 6 a m'ndende ya Newgate, oyembekeza kunyongedwa, nawauza kuti akalola kutemedwa adzamasulidwa. Analola, nachira onse, namasulidwa. Koma mmodzi wa iwo, mtsikana, anatumidwa kukadwazika odwala nthomba ndi kugona pa kama limodzi ndi mwana wodwala, kuti aone ngati idzamgwira. Atatha andende anayesa pa ana amasiye. Atatha amasiye, m'chaka cha 1722, ndipo anatema ana akazi awiri a banja lachifumu. Taonani mndandanda wache: wa chingwe m'khosi patsogolo, wamasiye pambuyo pache, mwana wa mfumu potsiriza, madzi atayesedwa kale kuya kwache ndi miyendo ya ena. Ngakhale mnyamata uja wa Jenner anali mwana wa wantchito wa m'munda mwache. Tinene mwa chilungamo kuti kutema ndi nthomba yeniyeni kunali kozolowereka masiku amenewo, ndi kuti pambuyo pache Jenner anampatsa Phipps nyumba yokhalamo osalipira. Koma atate wolandira malipiro kwa munthu sapeza msanga mau a kumkaniza mwana.

Wina adzati, Nanga sizinathe bwino? Andende anapeza ufulu, amasiye anatetezeka, dziko linapindula. Inde, nthawi imeneyo zinatha bwino. Koma njira yoti wamphamvu abwereke thupi la wofooka chifukwa cha ubwino wa anthu ambiri, ikatseguka siitsekeka yokha, ndipo kumene inafika tikudziwa. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri madotolo a ku Germany anayesa zoopsa pa andende a m'misasa, kuwamiza m'madzi ozizira ndi kuwapatsa nthenda dala, ndipo ambiri anafa. M'chaka cha 1947, pa mudzi wa Nuremberg, anaweruzidwa. 7 analandira chilango cha imfa. Ndipo oweruza analemba malamulo 10 a kuyesa mankhwala pa anthu, loyamba lache lakuti munthu asayesedwe kanthu koma atauzidwa zonse navomera mwa ufulu. Koma lamulo la pa pepala silinakwanire. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 kufikira 1972, madotolo a boma anasunga m'buku maina a amuna akuda osauka pafupifupi 400 odwala chindoko, osawauza dzina la nthenda yao, osawapatsa mankhwala ngakhale penisilini atapezeka, kuti aone m'mene nthendayo imalizira munthu. Zaka 25 za ntchito imeneyi zinachitika malamulo a ku Nuremberg atalembedwa kale. Madotolo amenewo sanali mbuli. Anawerenga bwino, nalemba bwino. Chimene chinasowa sichipezeka m'chiwerengero, pakuti chiwerengero chinena kuti mwa 40 afa mmodzi, koma sichinena kuti mmodziyo ndi mbale wako.

Apa ndipo pali ntchito ya chikhulupiriro, ndipo nkulakwa kuitaya pofuna ntchito ya eni ache. Mpingo ulibe galasi la kuonera tizirombo, ndipo mlaliki woweruza za mankhwala ali pa guwa adzachita manyazi monga anachita Massey. Koma Mpingo uli ndi mau amene galasi silingawaonetse: kuti wandende, wamasiye ndi mwana wa wantchito analengedwa m'chifanizo chimodzi ndi mwana wa mfumu, ndipo thupi la wina si munda wa mnzache. Koma tisadzitame msanga, pakuti Mather anali nao mau amenewa m'nyumba mwache, nawawerenga tsiku ndi tsiku. Anadziwa kuti Paulo anapempha Filemoni kuti amlandire wothawayo monga mbale. Anatenga dzina m'kalatamo, nasiya pempho lache. Anavutika mtima kuti Onesimus satembenuka, osazizwa kuti munthu angamve bwanji za chikondi cha Mulungu kwa amene amsunga monga chuma. Ndipo pomlola kuchoka, cha m'chaka cha 1716, anafuna kuti apereke ndalama zothandiza kugulira kapolo wina wolowa m'malo mwache, ndi kuti azibwerabe kudzagwira ntchito zina pa nyumba akaitanidwa. Anakhulupirira umboni wa munthuyo pamene dotolo anaunyoza, ndipo pa ichi timtama. Koma ufulu wache anamgulitsa. Tsono chikhulupiriro nacho chikhoza kugona maso ali chipenyere, ndipo chifunika kudzutsidwa.

Zitikhudza bwanji ife a kumudzi, amene sitiyesa mankhwala pa munthu? Zitikhudza pawiri, ndipo poyamba tidzitsutsa tokha. Tsiku lija tinamyankha mkulu uja monga ngati funso lache ndi mwano, tinati a chipatala adziwa, inu bweretsani ana. Kumeneko kunali kumchepsa. Munthu wopereka mkono wa mwana wache ayenera kuuzidwa kuti mankhwalawa nga nthenda yanji, ayesedwa kale kapena ali kuyesedwa tsopano, ndipo mwana akatentha thupi usiku achite chiani. Akadza anthu ndi mapepala, nanena kuti ali kufufuza za mankhwala atsopano, mufunse kufikira mwamvetsa. Musaike chala pa pepala limene sanakuwerengereni m'chinenero chanu. Ndipo dziwani kuti kukana nkololedwa, ndi kuti wokana sayenera kumanidwa chithandizo cha masiku onse. Wofunsa motere sali mdani wa chipatala. Ofufuza oona akondwera naye.

Kwachiwiri nkowawa, koma tinena. M'chaka cha 2010 chikuku chinabuka m'dziko la Malawi, ndipo kunali makolo ena opemphera amene anabisa ana ao kwa otemera, nati chikhulupiriro chao sichilola mankhwala. Ndipo ena mwa anawo anaikidwa m'manda. Sitikayika kuti makolowo anakonda ana ao, ndipo sitiwaseka. Koma funso lija liwapeza iwonso: mkono ngwa yani? Munthu wamkulu akafuna kuika moyo wache pa chiswe chifukwa cha chimene akhulupirira, tidzamdandaulira, koma moyowo ngwache. Mwana wa miyezi 9 sanasankhe mpingo, sangathe kunena inde kapena iai, monga kamwana kaja ka kapolo wa Boylston sikanathe. Atate woyesa kulimba kwa chikhulupiriro chache pa thupi la khanda wachita chomwecho chimene tadzudzula pa madotolo: wabwereka thupi la wosalankhula kuti atsimikize chimene iye afuna kutsimikiza. Ndipo inu amuna amene muletsa akazi anu kupita ku sikelo, mulingalire kuti usiku wa kutentha thupi wochezera ndi mwanayo si inu. Pepala ili tidzamuwerengera mkulu uja Lachitatu lisanafike, ndipo akapeza potsutsa tidzakuuzani mwezi wa mawa, pakuti ndi munthu wosagonja msanga.

Za nthomba, mathero ache ndi awa. M'chaka cha 1967 bungwe la za umoyo la maiko onse linalimbitsa ntchito ya kuithetsa. Antchito anayenda mudzi ndi mudzi ndi chithunzi cha mwana wodwala, kufunsa ngati wina waona wotere. Akampeza anampatula, natemera onse omzungulira ndi kasingano ka mphanda, monga tilambula udzu kuzungulira nkhokwe kuti moto wa tchire usowe podya. Akristu, Asilamu, Ahindu ndi osapembedza anagwira ntchitoyi pamodzi. Womaliza kuitenga nthomba mwa njira ya mliri anapezeka m'mwezi wa October 1977 pa mudzi wa Merca, ku Somalia: mnyamata wophika pa chipatala, dzina lache Ali Maow Maalin. Iye mwini anaulula kuti pa tsiku la katemera anazemba, poopa kuwawa kwa singano. Anachira, ndipo m'chaka cha 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Pambuyo pache munthuyu analowa ntchito ya katemera wa poliyo, nayenda m'midzi ya kwao kuuza makolo okayika za mantha ache ndi chimene anamtengera. Anamwalira ndi malungo m'chaka cha 2013, ali pa ntchito yomweyo.